Maselo a laputopu asalowe m'batire la dirilo

Kalipentala wina amene ndinayandikana naye nyumba ku Chibavi ali ndi dirilo yopanda chingwe imene anaigula kwa mnyamata wochokera ku Johannesburg zaka zingapo zapitazo. Dirilo yokhayo ilibe vuto lililonse mpaka lero, koma batire lake linafooka moti akalitchaja usiku wonse linkangoboola mabowo ochepa n'kuima. Atafunsa mtengo wa batire latsopano m'tauni anabwerera ali kukamwa yasa, chifukwa ndalama imene anamuuza inali yokwanira kugula dirilo ina yonse ya kaunjika. Ndiye anapita nalo kwa mnyamata wina wokonza mafoni, amene anamasula masikuluu, nachotsa maselo khumi, timabatire ting'onoting'ono timene tinali m'katimo, n'kuikamo ena ochokera m'mabatire a malaputopu akale. Kwa milungu iwiri zinthu zinayenda bwino. Tsiku lina akuboola thabwa lochindikala la mlombwa, batire linatentha mpaka pulasitiki wake anayamba kufewa, ndipo analitulutsa mothamanga n'kuliponya pabwalo. Mwayi wake moto sunabuke, chifukwa shedi imene amagwiriramo ntchito ndi yodzaza ndi utuchi komanso zitini za vanishi.

Anthu amene anamva nkhaniyi ankangoti batire silikonzedwa, likafa lafa, ndipo woligwiragwira akuputa tsoka dala. Ine sindikugwirizana nawo. Kukonza mabatire a zida zamagetsi ndi ntchito imene Mzuzu akuifuna, ndipo idzapitirira kuchitika kaya tiikonde kaya tiidane. Cholakwa cha mnyamata uja chinali kusankha maselo amene sanapangidwire ntchito yolemera chotero, ndipo anawasankha chifukwa palibe anamuphunzitsapo kuti maselo ofanana msinkhu ndi maonekedwe angathe kusiyana kutali pa zimene amapirira.

Amene sagwira ntchito zamanja angadabwe kuti chida cha batire chikufunikiranji pamene cha chingwe ndi chotsika mtengo ndiponso champhamvu. Afunse mmisiri amene akukhoma denga ku Mchengautuwa kapena kumtunda kwa Zolozolo, kumene nyumba zimamangidwa mawaya a ESCOM asanafike. Ngakhale kumene magetsi alipo, tonse tikukumbukira zimene zinachitika mu Januwale 2022 pamene namondwe wa Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira ndi kuchotsa mamegawati pafupifupi 130 pa magetsi a dziko lonse. Amisiri amene anali ndi zida za chingwe zokha ankakhala pansi tsiku lonse kudikira, pamene mwini batire ankatchaja pakati pa usiku magetsi akabwera n'kugwira ntchito masana. Kenako mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo katundu aliyense wochokera kunja anakwera mtengo nthawi yomweyo. M'dziko limene ndalama zakunja zikusowa chonchi, kuuza kalipentala kuti ataye dirilo yabwinobwino chifukwa cha batire ndi malangizo a munthu amene sanagulepo chida ndi thukuta lake.

M'kati mwa batire lotere mulibe zodabwitsa. Mabatire ambiri a zida amagwiritsa ntchito maselo a lithium otchedwa 18650, dzina limene limangofotokoza kukula kwake, mamilimita 18 m'mimba ndi mamilimita 65 m'litali. Ena atsopano ali ndi maselo okulirapo a 21700. Selo limodzi limapereka mavolti 3.6, likadzaza limafika pa 4.2, ndipo siliyenera kutsika kupitirira 2.5. Maselo asanu akalumikizidwa mondondozana amapereka mavolti 18, ndipo batire lolembedwa 20V limene makampani monga DeWalt amagulitsa lili ndi maselo asanu omwewo, kungoti nambala yake ndi ya batire limene langochoka pa tchaja lisanayambe ntchito. Batire lalikulu limakhala ndi mizere iwiri ya maselo asanu asanu, khumi onse pamodzi, ndipo mzere wachiwiriwo suwonjezera mavolti koma umawirikiza nthawi imene chida chingagwire ntchito. Pamwamba pa maselo pali kabolodi kakang'ono ka zamagetsi ndi kachipangizo koyeza kutentha. Munthu aliyense wodziwa kugwira sikuludiraiva akayang'ana zimenezi amaona ngati ntchito ya ola limodzi, ndipo msampha uli pomwepo.

Maselo a 18650 ali m'magulu awiri, ngakhale kuti powaona ndi maso simungawasiyanitse. Ena anapangidwa kuti azisunga magetsi ambiri n'kumawatulutsa pang'onopang'ono, ndipo amenewa ndiwo ankaikidwa m'malaputopu. Laputopu imakoka magetsi ochepa kwa maola angapo, choncho selo lake limakwanitsa maampu pafupifupi asanu basi (maampu ndi muyeso wa magetsi amene akutuluka nthawi imodzi). Ena anapangidwa kuti azitulutsa magetsi ambiri nthawi imodzi popanda kutentha kwambiri. Selo la Samsung lotchedwa 25R limasunga 2500 mAh (mAh ndi muyeso wa magetsi amene selo limasunga) ndipo limaloledwa kutulutsa maampu 20 mosalekeza. LG HG2 limasunga 3000 mAh pa maampu 20 omwewo, ndipo Molicel P28A limasunga 2800 mAh koma limapirira maampu 35. Tsono dirilo imene ikuboola mtengo wolimba, kapena girayinda imene ikudula chitsulo, imatha kukoka maampu 20 kapena 30, ndipo ikakakamira m'thabwa n'kuima mwadzidzidzi imakoka oposa pamenepo. M'batire la mizere iwiri katunduyo amagawidwa pakati, selo lililonse n'kusenza maampu 10 kapena 15. Selo la laputopu pamenepo lasenzetsedwa kawiri kapena katatu kuposa mlingo wake. M'batire la mzere umodzi zimaipa kowirikiza.

Kutentha kwa m'kati mwa selo sikukwera mofanana ndi magetsi amene likutulutsa. Magetsi akawirikiza kawiri, kutentha kumawirikiza kanayi, ndipo akawirikiza katatu kumawirikiza kasanu ndi kanayi. Onjezani kuti selo limene lagwira ntchito zaka zambiri m'laputopu limakhala litauma kale m'kati, magetsi amadutsamo movutikira, ndipo kuvutikirako kumasanduka kutentha kwina. Pakati pa mbali ziwiri za selo pali kapepala kapulasitiki kopyapyala kwambiri kamene kamazilekanitsa. Kakasungunuka mbalizo zimakhudzana, kutentha kumayamba kudzikolezera kokha, ndipo selo limodzi limayatsa linzake mpaka onse atha. Moto wake ndi wovuta kuzimitsa chifukwa mankhwala a m'katimo amatulutsa okha mpweya wina wothandiza kuyaka, ndipo utsi wake ndi wapoizoni. Mnansi wanga uja anapulumuka chifukwa anamva kutentha m'dzanja nthawi ilipo. Zikanachitika batire lili pa tchaja usiku, m'nyumba yogona ana, bwenzi tikukamba zina.

Sindikunena kuti maselo a malaputopu akale atayidwe. Amene akadali bwino ali ndi ntchito zambiri zowayenera, monga m'matochi, m'mawayilesi, m'nyale za sola ndi m'tizida totchajira mafoni, kumene magetsi amakokedwa pang'ono. Achinyamata amene amatola maselo amenewa n'kuwapatsa moyo wachiwiri akuchita chinthu chanzeru ndipo ndimawalemekeza. Bulu ndi ng'ombe zonse zimakoka ngolo, koma mlimi wanzeru amadziwa mulingo wa katundu woyenera chilichonse.

Pali mdani wina woipa kuposa selo la laputopu, ndipo ameneyu amabwera ali watsopano m'pepala lowala. M'misika yathu, pakati pa katundu wolowa kudzera ku Songwe ndi wina woitanitsidwa pa intaneti, mumapezeka maselo a 18650 olembedwa 6800 mAh kapena 9900 mAh. Nambala zimenezi ndi bodza lamkunkhuniza. Makampani odziwika amene amapanga maselo, monga Panasonic, Samsung, LG ndi Murata, sanagulitsepo selo la msinkhu umenewu losunga magetsi ofika pamenepo, ndipo abwino kwambiri mwa maselo awo ali chapafupi ndi 3500 mAh. Selo lenileni limalemera magalamu pafupifupi 45, pamene labodza nthawi zambiri limapepuka moti kasikelo kakang'ono ka m'khitchini kamaliulula. Achinyengo ena ndi ochenjera koposa, amatenga maselo akale kapena osalimba n'kuwaveka chovala chatsopano cholembedwa dzina la kampani yotchuka. Otere sikelo siwagwira, amagwidwa ndi kachipangizo kamene kamatchaja selo, n'kulitsitsa, n'kuwerenga magetsi amene latulutsadi, komanso kamene kamayeza kuuma kwa m'kati mwake. Kachipangizo kameneka si kodula poyerekeza ndi zida zina za mmisiri, ndipo ine sindingapereke batire langa kwa munthu amene alibe.

Chinyengo chomwechi chimayankhanso amene amati njira yotetezeka ndi kugula batire latsopano basi. Latsopano lake liti? Mabatire ambiri otsika mtengo amene amafanana ndi a Makita kapena DeWalt pa mtundu ndi zilembo sanatuluke m'fakitale za makampani amenewo. Kunja alembedwa 6.0Ah, kutanthauza 6000 mAh, m'kati muli maselo opanda dzina osunga theka la nambalayo kapena kucheperapo, nthawi zina ndi kabolodi kosayang'anira selo lililonse palokha. Mmisiri amene wagula batire lotere ali pa ngozi yofanana ndi ya mnansi wanga, kungoti iye sakudziwa chifukwa sanaone m'kati. Batire lenileni la kampani, lokhala ndi bokosi lolimba ndi kabolodi kabwino, likaikidwa maselo enieni ndi munthu wodziwa, ndimalikhulupirira kuposa latsopano lachinyengo.

Kusankha maselo oyenera sikumaliza ntchito. Onse ayenera kukhala a mtundu umodzi, a zaka zofanana, ndipo mavolti awo akhale ofanana asanalumikizidwe. Chizolowezi chosintha maselo awiri okha amene afa n'kusiya asanu ndi atatu akale chimaoneka ngati kusunga ndalama, koma m'mzere wa maselo lofooka ndilo limayamba kutha ndipo ndilo limayamba kudzaza, choncho tsiku lililonse limakankhidwa kupyola malire ake mpaka litaonongeka. Selo limene lapezeka litatsika pansi pa mavolti 2 lisadzutsidwe ndi njira yoligunditsa ku batire lina monga ena amachitira, chifukwa pamlingo umenewo mkuwa wa m'kati umayamba kusungunuka ndipo potchajanso umatha kumera ngati timinga tobaya kapepala kolekanitsa kaja.

Polumikiza, mafakitale amagwiritsa ntchito makina owotcherera kadontho kamodzi m'kanthawi kochepa kwambiri, pa kalamba ka chitsulo cha nickel, kotero kuti kutentha sikulowa m'selo. Okonza mafoni athu ali ndi chida chomatira mawaya ndi mtovu, ndipo akachikhazika pamutu pa selo kwa nthawi yaitali amaphika zam'kati asanayambe n'komwe kuligwiritsa ntchito. Kalamba nakonso kali ndi chinyengo chake, chifukwa kambiri kogulitsidwa ngati nickel ndi chitsulo wamba chokutidwa pamwamba, chimene chimatentha msanga ndipo m'chinyezi cha ku Mzuzu kuno chimachita dzimbiri. Maginito sathandiza kusiyanitsa popeza amakoka zonse ziwiri, koma mukakanda kachidutswa n'kukaviika m'madzi amchere, kabodza kamachita dzimbiri pakapita masiku ochepa. Chinthu china chimene ambiri sadziwa ndi chakuti thupi lonse la selo, mpaka m'mphepete mwa mutu wake, ndi mbali ya negative, ndipo chimene chimalilekanitsa ndi positive ndi chovala chopyapyala chapulasitiki. Chovalacho chikang'ambika pansi pa kalamba, selo limadzilumikiza lokha. N'chifukwa chake pamutu pa selo lililonse pamamatidwa kamphete ka pepala lolimba, kanthu kotsika mtengo kamene anthu ofulumira amakadumpha, kuiwala kuti dirilo imanjenjemera tsiku lonse ndipo imagwa kuchokera padenga.

Kabolodi kaja ndiko mlonda wa batire. Malingana ndi kampani, kamaletsa selo kudzaza mopyola, kamayang'anira kutentha, ndipo kamalankhulana ndi tchaja kapena ndi chida chenichenicho. M'mitundu ina chitetezo china chili m'dirilo kapena m'tchaja osati m'batire, choncho batire lotengedwa kukagwira ntchito pa chida cha kampani ina likhoza kutsala lopanda mlonda. Mabatire ena a Makita amadzitseka okha kabolodi kakaona vuto mobwerezabwereza, ndipo tchaja imawakana ngakhale maselo atasinthidwa. Apa m'pamene wokonza wosaleza mtima amadula kabolodi n'kulumikiza mawaya mwachindunji, mwini batire n'kupita kwawo akusangalala kuti layamba kugwira ntchito. Chimodzimodzi ndi zida zakale za mabatire osakhala a lithium otchedwa NiCd, amene anali ndi maselo 15 a mavolti 1.2 kuti akwane 18. Kuikamo maselo a lithium n'kotheka, ndipo chidacho chimapepuka n'kukhala ndi mphamvu, koma tchaja yakale iyenera kutayidwa tsiku lomwelo chifukwa siidziwa kuima pa mavolti 4.2 pa selo.

Wina anganene kuti mndandanda wa zoopsa umene ndafotokozawu ukutsimikiza mfundo ya amene amati batire lisatsegulidwe, ndipo mfundo yawo ili ndi mphamvu. Mu 2013 ndege za Boeing 787 zinaimitsidwa kuuluka chifukwa cha mabatire a lithium amene anatentha, ndipo mu 2016 kampani ya Samsung inaitanitsa mafoni ake a Galaxy Note 7 n'kusiya kuwapanga pa chifukwa chofanana. Ngati makampani okhala ndi akatswiri ndi nyumba zoyezera zinthu anaphonya, nanga mnyamata wa pakhonde la shopu? Ndikuvomereza kuti chiopsezo sichidzatha. Ndikuvomerezanso kuti batire lokonzedwa moona, ndi maselo khumi enieni oitanitsidwa kunja, silitsika mtengo monga anthu amayembekezera, ndipo amene angakwanitse kugula lenileni kwa wogulitsa wovomerezeka agule. Koma amisiri ambiri a ku Luwinga, ku Chiputula ndi ku Masasa sadzakwanitsa, ndipo akauzidwa kuti asatsegule adzatsegulabe, kapena adzapita kwa aliyense amene wavomera kutsegula. Chimene tingasinthe ndi zimene munthu wotsegulayo akudziwa.

Zimene ndalemba pamwambazi zingaphunzitsidwe kwa milungu yochepa kwa munthu amene amadziwa kale za magetsi. Mzuzu Technical College ili pomwe pano, ndipo bungwe la TEVETA linakhazikitsidwa kuti liziyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, kuphatikizapo a anthu amene anaphunzirira ntchito pa shopu osati m'kalasi. Maphunziro afupiafupi a mabatire a lithium, otsegukira okonza mafoni, oika masola ndi amakaniko, angathandize anthu ambiri kuposa akalipentala okha, popeza maselo omwewa akulowa m'nyumba zathu kudzera m'masola ndi m'zida zosungira magetsi. Bungwe la Malawi Bureau of Standards nalonso silifunika makina odula kuti lizindikire selo lolembedwa 9900 mAh, chifukwa bodza lake lalembedwa pachovala penipeni.

Pamene tikudikira mabungwe, pali chinthu chimodzi chimene eni zida angayambe kufuna lero lomwe. Wokonza batire aziwaonetsa maselo asanawatsekere, ndipo azimata kapepala pabokosi kolemba dzina la maselo, kuchuluka kwa magetsi amene anayezadi, ndi tsiku limene anakonza. Wokonza woona sangakane zimenezi chifukwa ndizo zimamusiyanitsa ndi wongoyerekeza, ndipo batire likagulitsidwa kwa munthu wina, wogulayo adzadziwa chimene wanyamula. Maselo akufa nawonso asaponyedwe m'dzala limene timatentha zinyalala madzulo, kumene ana amasewera pafupi. Mitu yake imatidwe ndi tepi n'kusungidwa m'chitini chokhala ndi mchenga, ndipo khonsolo ya mzinda ikanachita bwino kukhazikitsa malo amodzi pafupi ndi msika kumene anthu angakasiye maselo otere, makamaka a NiCd amene ali ndi cadmium, chitsulo chapoizoni chimene sichiyenera kufika m'zitsime zathu.

Mnansi wanga anasonkha ndalama ndi anzake awiri n'kuitanitsa maselo enieni pamodzi kuti agawane mtengo wa mayendedwe. Anadikira mwezi wathunthu akubwereka dirilo ya chingwe. Amene anamukonzera ulendo uno ndi bambo wina woika masola, amene anayeza selo lililonse iye akuona n'kulemba nambala zake m'kope. Nditamufunsa ngati mtima wake uli m'malo tsopano, anandiyankha kuti, "Achimwene, batire likugwira ngati latsopano, koma m'shedi silitchajidwanso." Amalitchajira pakhonde pa simenti, masana, pamthunzi, ndipo akakwera padenga mwezi wa Okutobala salisiya pamalata otentha, amaliika m'chikwama cha zida chimene amachikoleka pansi pa mtanda wa denga.